Mmene mungalembere nthano ya ana yochokera ku nthano za makolo a ku China

Nkhani yoyamba imene ine ndinalemba ya mtunduwu ndinaikamo chinjoka cholavula moto, chamapiko ngati a mleme, chikusunga golide kuphanga, nde ndinaipereka kwa mayi wina wa ku China amene timadziwana kuti aione. Anawerenga mpaka kumapeto, kenako anandiuza mofatsa kuti chinjoka ichi ndi cha ku Ulaya, ndangochiveka dzina la kwawo basi. Zinandipweteka koma ankanena zoona, ndipo kuyambira pomwepo ndinasintha kalembedwe konse. Zimene ndilembe apazi ndi njira imene ndimatsata pano, kwa inu amene mukufuna kulembera ana a zaka 7 mpaka 12 nkhani ya zodabwitsa yotsamira pa nthano za ku China.

Poyambira penipeni, sankhani chinthu chimodzi. Chimodzi basi. China ndi dziko lalikulu zedi, lili ndi mitundu ya anthu 56 imene boma lawo limaizindikira, ndipo nthano zake zakhala zikulembedwa kwa zaka zoposa 2000, nde ukangolowamo ndi njala umafuna kutola zonse, chinjoka, nkhandwe ya michira 9, nyani, mulungu wamkazi wa kumwezi, zonse mu nkhani imodzi ya mapeji 20. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Mwana amasokonezeka ndipo palibe chimene amachikonda mpaka pansi pa mtima.

Zosankha zilipo zambiri. Kuli Nian, chilombo chimene chinkabwera chaka chikamatha kudzagwira ziweto ndi anthu, koma chimaopa zinthu zofiira, moto ndi phokoso, nchifukwa chake pa chaka chatsopano cha ku China amamata mapepala ofiira pazitseko ndi kuphulitsa makombola. Kuli Jingwei, kamtsikana kamene kanamira m'nyanja ya kum'mawa nkusanduka mbalame, ndipo mpaka lero kamatola timiyala ndi tizitsotso nkumaponya m'nyanjamo kuti kaikwirire, ameneyu ine amandigwira mtima nthawi zonse. Kuli Nüwa amene anaumba anthu ndi dothi lachikasu nkusokanso thambo litang'ambika pogwiritsa ntchito miyala ya mitundu isanu. Kuli nsomba ija imasambira mokwera mtsinje wa Huang He, ikadumpha mathithi a pa Longmen imasanduka chinjoka. Ndipo kuli Sun Wukong, nyani wobadwa kumwala, wa mu buku la Xiyou ji limene linasindikizidwa mu 1592 la machaputala 100. Ameneyo ana amamukonda heve koma kwa woyamba kumene ndimati dikirani kaye, wagwiritsidwa kale ntchito ndi anthu ambirimbiri ndipo ndi wamphamvu kwambiri moti amaphimba mwana wanu wa munkhaniyo.

Mukasankha, chotsatira ndi kuphunzira lamulo la chinthucho, ndipo apa mpamene pali ntchito yeniyeni, nde tikhalapo pang'ono. Chamoyo chilichonse mu nthano zimenezi chili ndi zimene chimachita, zimene chimaopa, ndi amene chimamuyankha. Tengani chinjoka chomwe chija. Ku China amachitcha long, thupi lake ndi lalitali ngati njoka, mamba ngati a nsomba, nyanga ngati za gwape, ndevu, nthawi zambiri chilibe mapiko koma chimauluka ndithu, ndipo kawirikawiri amachijambula chikuthamangitsa ngale. Ntchito yake ndi madzi. Mvula, mitsinje, nyanja, zitsime. Alimi ankachipempha mvula chilala chikavuta, ndipo pali mafumu anayi a zinjoka olamulira nyanja zinayi, wa kum'mawa dzina lake Ao Guang. Munthu wa ku Mulanje kapena Zomba amene anakula akumva za Napolo sangavutike kumvetsa njoka yaikulu yoyenda ndi madzi, kungoti long ndi chizindikiro cha mwayi ndi ufumu, mpaka chinjoka cha zikhadabo zisanu chinali cha mfumu yaikulu ya dziko la China yokha. Komanso mfumu ya zinjoka siigwetsa mvula mmene yafunira ayi, imalandira lamulo kuchokera kumwamba loti igwe nthawi yakuti, yochuluka mwakuti, ikaphwanya imalangidwa. Mwaona pamenepo? Nkhani yatuluka kale. Mwana wapita kukapempha mvula, chinjoka chikufuna kumuthandiza koma chilibe chilolezo.

Nchifukwa chake ndimati kumwamba kwa nthano za ku China muzikuona ngati boma. Kuli mfumu yaikulu Yu Huang, kuli nduna, alembi, alonda a pageti, mabuku olembamo maina, kukwezedwa pantchito ndi kutsitsidwa. Ngakhale mudzi uliwonse uli ndi kamulungu kake kakang'ono, Tudi Gong, nkhalamba ya ndevu zoyera imene imakhala ngati nyakwawa ya malowo. Mukagwira zimenezi matsenga anu sakhala a chisawawa, amakhala ndi malire, ndipo malirewo ndi amene amapangitsa mwana kukhala chete kudikira kuti zitha bwanji.

Chenjezo lina pa lamuloli ndi la kalulu, poti ife tonse tinakulira kalulu. Ku China akayang'ana mwezi amaonamo kalulu, Yutu, ali ndi mtondo ndi munsi akusinja mankhwala a moyo wosatha, pafupi ndi Chang'e, mkazi wa Hou Yi. Hou Yi ndi uja analasa madzuwa 9 mwa madzuwa 10 amene ankaotcha dziko, anapatsidwa mankhwala osafa, Chang'e nkumwa, nkuuluka kupita kumwezi. Dzanja lanu lidzafuna lokha kumupanga Yutu kukhala kalulu wathu wochenjera uja wopusitsa njovu ndi fisi, musalole. Yutu ndi wofatsa, wakhama, bwenzi la munthu wosungulumwa. Ndipo anthu akwawo amamukonda mpaka galimoto yaing'ono imene dziko la China linatsitsa pamwezi mu Disembala 2013 anaitcha Yutu, chombo chake Chang'e 3.

Kowerenga zimenezi, pa foni pomwepo zilipo zambiri, koma nthano iliyonse muiwerenge mmalo osachepera atatu chifukwa imasiyana dera ndi dera. Ya Chang'e ena amati anaba mankhwalawo, ena amati anamwa pothawitsa kwa wophunzira wa mwamuna wake amene ankafuna kulanda. Lembani mu kope zimene zikufanana monsemo, zimenezo musazikhudze, ndi mafupa a nthanoyo. Zimene zikusiyana ndi pamene inu muli ndi ufulu.

Tsopano malo ndi nthawi. Musalembe kuti ku China basi. Kumpoto kumazizira mpaka madzi a m'mitsinje kuundana kukhala ayezi, anthu amadya kwambiri za tirigu, manudozi, mabanzi ophika ndi nthunzi, ndi jiaozi, timitanda ta ufa toika nyama ndi masamba mkati tophika m'madzi owira. Kum'mwera nkwa mpunga, nsungwi, mvula yambiri, njati zolima m'madzi. Mwana wa m'mudzi wa ku Shaanxi kumpoto ndi wa ku Guangdong kum'mwera sadya zofanana ndipo kunyumba sayankhula zofanana. Sankhani dera limodzi, onerani zithunzi zake, dziwani kuti nyumba amamanga bwanji, amaphika pa chiyani. Nthawi nayo, kaya ndi makedzana a mafumu a Tang kapena Ming, kaya ndi lero la mafoni ndi sitima zothamanga. Ine ndimakonda lero, chifukwa mwana wa kuno amaona msanga kuti mnzake wa kumeneko nayenso ali ndi homuweki ndipo amakalipiridwa. Ndipo chonde, kimono, samurai, ninja, sushi, zonsezo ndi za ku Japan, zisapezeke mu nkhani yanu. Izi anthu amalakwitsa kwambiri ndipo zimawawa kwa eni ake, pakati pa maiko awiriwa pali mbiri yowawa ya nkhondo.

Kenako mwana. Apa ndigwiritsa ntchito nkhani imene ndikulemba panopa kuti muone mmene zimalumikizirana. Ndinasankha Zao Jun, mulungu wa kukhitchini. Chithunzi chake cha pepala chimamatidwa pakhoma pamwamba pa chitofu, chaka chonse amangoona zochitika m'banjamo, nde pa 23 kapena 24 mwezi wa 12 wa kalendala yawo yoyendera mwezi amaotcha chithunzicho, iye nkukwera ndi utsi kukapereka lipoti kwa Yu Huang. Asananyamuke amamupatsa maswiti omata, ena amapaka uchi pamilomo ya chithunzicho, kuti akanene zokoma zokhazokha kapena kukamwa kumatike. Amaikanso udzu ndi madzi za kavalo wake. Usiku wolowera chaka chatsopano amamata chithunzi china, kusonyeza kuti wabwerako.

Mwana wa munkhani yanga ndinamutcha Chen Xiaoyu, zaka 9, amakhala ndi agogo ake m'mudzi wa kumpoto chifukwa makolo ake anapita kukagwira ntchito ku fakitale kutali kum'mwera ndipo amabwera kamodzi pachaka. Ana otere ku China alipo ochuluka, ndipo mwana wa kuno amene bambo ake ali ku Joni safunika kumufotokozera kuti kudikira kotero kumamveka bwanji. Xiaoyu chaka chonse wakhala akunamiza agogo ake za kusukulu, ndipo madzulo a tsikulo wadya maswiti onse a Zao Jun. Akuopa kuti lipoti likakhala loipa makolo ake sabwera. Nde pamene chithunzi chikupsa iye wagwira mchira wa kavalo uja nkukwera nawo.

Onani kuti vuto lake ndi laling'ono komanso lenileni, akufuna amayi ake. Sakupulumutsa dziko lonse ayi. Mwana wa munkhani yanu akhale ndi chimene akufuna chimene mungachinene ndi mawu asanu, akhalenso ndi cholakwa chake, ndipo mathero abwere ndi manja ake. Mulungu kapena chinjoka chithandize, chisokoneze, chiopseze, koma chisamalize ntchito mmalo mwa mwana.

Maina samalani nawo. Dzina la banja limayamba, la mwini limatsatira, nde Chen ndi la banja, Xiaoyu ndi lake. Sankhani maina oti mwana wa sitandade 4 atha kuwatchula, ndipo asayambe ndi chilembo chimodzi onse. Musapeke mawu ongomveka ngati Chitchaina, kuja ana amachita ponyoza, zimenezo ndi chipongwe ndipo buku lanu lizichotsa khalidwe limenelo osati kulidyetsa. Chitchaina chimasiyanitsa mawu ndi kakwezedwe ka liwu, ma atha kukhala mayi kapena kavalo, ngati mmene ife mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika timasiyanitsira, mutha kuikamo kamphindi kokoma kochokera pamenepo. Za ubale nazo zili ndi dongosolo lake lokhwima. Agogo aakazi obala bambo ndi nainai, aamuna ndi yeye, aakazi obala mayi ndi waipo kapena laolao kumpoto. Mkulu wamwamuna gege, wamkazi jiejie, mng'ono didi kapena meimei. Mwana satchula wamkulu dzina, zimene kwa ife sizachilendo, nde polemba m'Chichewa ikani ulemu wathu womwewu, Xiaoyu aziti nainai mwadzuka bwanji, osati wadzuka. Mawu a Chitchaina mu nkhani yonse asapitirire 8 kapena 10, ndipo lililonse limveke lokha ndi zimene zikuchitika, osaima kuyamba kuphunzitsa.

Tizinthu ting'onoting'ono ta mwambo ndi timene timapatsa nkhani fungo la kwawoko, koma timalakwikanso msanga. Chofiira ndi cha chisangalalo ndi ukwati, choyera ndi cha maliro. Nambala 4 amaipewa chifukwa imamveka ngati mawu oti imfa, 8 ndi ya mwayi. Timitengo todyera sazika choimirira mu mpunga chifukwa zimafanana ndi zofukiza za akufa. Pa chaka chatsopano akulu amapatsa ana ndalama mu envulopu yofiira, hongbao, ndipo tsiku loyamba sasesa m'nyumba kuopa kusesa mwayi. Zimenezi musazilembe ngati ndime ya m'buku la sosho. Xiaoyu azike timitengo mu mpunga chifukwa wakwiya, nainai atizule mwachangu osanena kanthu nkhope itasintha, mwana wowerenga amva yekha kuti apa palakwika.

Pomanga nkhaniyo, ipatseni wotchi. Zikondwerero za ku China zimathandiza kwambiri apa chifukwa chilichonse chili ndi tsiku lake. Yanga ili ndi masiku pafupifupi 7, kuchokera pamene Zao Jun wanyamuka kufika usiku umene amabwerera, Xiaoyu akaphonya ulendo wobwererawo akhala kumwamba chaka chathunthu. Wina atha kutenga Qixi, tsiku la 7 la mwezi wa 7, pamene mbalame zimapanga mlatho kuti mbusa wa ng'ombe Niulang akumane ndi mkazi wake woluka nsalu Zhinü kamodzi pachaka, nde bwanji chaka china mbalamezo zitasowa? Kapena chikondwerero cha mwezi wathunthu pa 15 mwezi wa 8. Kapenanso mpikisano wowoloka mtsinje umene unapereka dongosolo la nyama 12 za zaka, khoswe anakwera pamsana pa ng'ombe nkudumpha kukhala woyamba, nkhumba yomaliza, mphaka nkutsala kunja mpaka lero akusaka khoswe. Chaka cha 2024 chinali cha chinjoka, 2025 cha njoka, 2026 cha kavalo, mwana aliyense wowerenga adzafuna kudziwa nyama ya chaka chake, zimenezo ndakuuziranitu.

Ulendowo ugaweni mu zipsinjo zitatu kapena zinayi, chilichonse chovuta kuposa chinzake. Mu Xiyou ji muli mayesero 81 koma lija ndi buku la akulu, ndipo linamangidwa pa ulendo weniweni wa mmonke Xuanzang amene anachoka mu 629 kupita ku India nkubwerako mu 645. Inu atatu akwana. Kwa Xiaoyu choyamba ndi mlonda wa pageti la kumwamba amene akufuna chikalata cholowera, chachiwiri ndi ofesi ya alembi mmene muli mabuku a mabanja onse ndipo wapeza tsamba la kwawo, inki ili pompo, atha kufufuta. Chachitatu ndi kuima pamaso pa Yu Huang. Pa chachiwiricho mpamene pali mtima wa nkhani, chifukwa powerenga tsambalo akupeza kuti Zao Jun analembanso zina zimene iye sankadziwa kuti wina akuona, usiku umene anafunditsa nainai bulangete lake, ndi masiku amene nainai ankadya phala lokha kuti iye adye dzira. Apo sindithamanga, ndimalemba pang'onopang'ono.

Pali kaluso kena kamene ndinabwereka kwa akatswiri ofotokoza nthano a kumeneko. Mabuku awo akale chaputala chimatha pamene zinthu zafika pothina, nkuuza omvera kuti ofuna kudziwa zotsatira amve gawo likubweralo. Chitani chomwecho. Chaputala chikhale cha mawu 500 mpaka 800, chithe chitseko chikutseguka kapena dzina la mwana litangoitanidwa. Ndipo poti tikulemba m'Chichewa, musaope kanyimbo kobwerezabwereza kamene ana angavomereze, ndi mphamvu yathu imeneyo ndipo sikuphwanya kanthu ka eni ake. Chimene sindichita ndi kusakaniza milungu yawo ndi mizimu ya kwathu mu mphika umodzi popanda chifukwa. Ngati mukufuna mwana wa ku Malawi alowemo, mupatseni njira yoona, mwina mayi ake akuphunzira ku yunivesite ya ku China, poti chiyambireni ubale wa maiko awiriwa mu Disembala 2007 ophunzira athu akhala akupitako, nde iye ndi mlendo ndipo aziona zinthu ngati mlendo, azifunsa, azilakwitsa.

Za mantha. Nthano za ku China zili ndi mizukwa yambiri, Pu Songling amene anakhala kuyambira 1640 mpaka 1715 anasonkhanitsa nkhani pafupifupi 500 za mizukwa ndi nkhandwe zosanduka anthu, koma zambiri si za ana. Muyeso wanga ndi woti mwana aope ali pamwendo panu koma agone bwino usiku. Nian abangule, mano aoneke, koma magazi ayi. Kumbukiraninso kuti Zao Jun, Guanyin mulungu wamkazi wa chifundo, Tudi Gong ndi ena, pali anthu lero lino amene amawaotchera zofukiza ndi mtima wonse. Zao Jun wanga ali ndi mwaye kumaso ndipo amadandaula za utsi, ana amaseka, koma si chitsiru, ndi wachilungamo ndipo amalikonda banjalo. Makolo ena a kuno adzakufunsani ngati simukuphunzitsa ana kupembedza mafano, ayankheni mwaulemu, ine ndimaika kandime kakafupi kumapeto kwa buku kofotokoza kuti nthanoyi ndi ya anthu akuti, amaikamba pa nthawi yakuti, ndipo izi ndi izi ndaonjezera ndine. Kandime kameneko musakadumphe, mwana ali ndi ufulu wodziwa kuti Zao Jun ndi wa makolo a ku China pamene Xiaoyu ndi wa m'mutu mwanga.

Mukamaliza kulemba koyamba isiyeni sabata imodzi osaiona. Kenako sonkhanitsani ana atatu kapena anayi a msinkhu umene mukulembera, muwawerengere mokweza, maso anu ali pa iwo osati papepala pokha. Pamene ayamba kusewera ndi zala kapena kuyang'ana panja ikani chizindikiro, ndime imeneyo ndi yodula. Dzina limene lakukolani lilime kawiri lisintheni. Akakufunsani funso limene nkhani sinayankhe lembani, ana anga anandifunsa kuti nanga nainai atadzuka osamupeza Xiaoyu anatani, ine ndinali nditaiwaliratu mayi wokalambayo, ndipo chaputala chimene ndinaonjezera poyankha funsolo ndi chimene amachikonda kwambiri pano.

Ikatero ipititseni kwa munthu wa ku China kapena amene anakhalako nthawi yaitali, aphunzitsi a Chitchaina alipo ku Confucius Institute ya University of Malawi, komanso anzathu amene anaphunzira kumeneko ndi ambiri pa Facebook. Muwafotokozere nkhaniyo ngati samva Chichewa, ndipo musawafunse kuti yakoma, afunseni kuti ndi pati pamene agogo anu akanati izi sizichitika kwathu. Mayi wa ku China uja atamva ya Xiaoyu anandiuza kuti pa chitofu cha m'mudzi wa kumpoto utsi umadutsa pansi pa kang, bedi la njerwa limene banja limagonapo kuti lifunde, ndipo mwana wozizidwa amene akudikira makolo ake angakhale pamenepo osati pampando. Ndinabwerera ku tsamba loyamba nkumukhazika Xiaoyu pa kang, maswiti ali m'manja.